Tiyi, makapisozi ndi malamba ochepetsa thupi: mafunso ndi mayankho kwa ogula a ku Chipata

Malonda a zinthu zochepetsa thupi afika paliponse kuno kummawa. Ali pa Facebook ndi pa TikTok, ali m'magulu a WhatsApp a chilimba ndi a kumpingo komwe, ali m'masaluni, ndipo ena amabwera pa basi yochokera ku Lusaka m'kakatoni kolembedwa dzina lanu ndi nambala ya foni basi. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amamveka kawirikawiri nkhaniyi ikayambika. Amene ali ndi matenda kapena akumwa mankhwala ena aonanenso ndi namwino kapena dokotala wodziwa mbiri ya thupi lake.

Mnzanga anamwa tiyi ameneyu ndipo pa sabata imodzi sikelo inatsika ndi makilo 3. Ndinaona ndi maso anga. Bodza lili pati?

Sikelo sinaname ayi. Kungoti sikelo siuza munthu chimene chachoka. Imayeza zonse pamodzi: mafupa, mnofu, mafuta, madzi ndi chakudya chimene chikadali m'matumbo. Kulemera kwa munthu wamkulu, theka kapena kuposerapo ndi madzi, ndipo madzi ndiwo amachoka msanga ndi kubwerera msanga.

Matiyi ambiri otere amakhala ndi masamba otchedwa senna. Senna ndi mankhwala enieni a munthu wodzimbidwa, ntchito yake ndi kutsegula m'mimba. Ena amawonjezeramo zokodzetsa. Munthu akachezera kuchimbudzi usiku wonse, kutacha apepuka ndithu, mimba iphwa, siketi imene inkathina ilowa. Koma senna amagwira ntchito m'matumbo aakulu, kumapeto kwenikweni, pamene chakudya chayamwidwa kale m'matumbo aang'ono. Mafuta sawakhudza n'komwe. Mnzanuyo akadya ndi kumwa bwino masiku awiri atatu, makilo aja abwerera onse.

Palinso kachinyengo kena. Pakapepala kobwera ndi tiyi amalembapo kuti mupewe nsima yambiri ndi shuga pamene mukumwa. Munthu akachepetsa nsima, thupi limayamba kudya shuga amene linasunga m'chiwindi ndi m'minofu, ndipo galamu iliyonse ya shuga ameneyu imasungidwa pamodzi ndi magalamu pafupifupi 3 a madzi. Shugayo akatha, madziwo amatuluka. Kilo imodzi kapena ziwiri za sabata yoyamba zikanachoka ngakhale tiyi kulibe. Ntchito mwagwira ndinu, kutamandidwa kukupita kwa wogulitsa.

Tiwerengere pamodzi. Kilo imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori, muyeso wa mphamvu ya m'chakudya, pafupifupi 7,700. Munthu wamkulu amagwiritsa ntchito makalori 2,000 mpaka 2,500 patsiku. Amene akukulonjezani makilo 10 pa masiku 7 akunena za makalori 77,000. Ngakhale mutasala kudya sabata yonse osaika kanthu m'kamwa, simungafike ngakhale pa gawo limodzi mwa magawo anayi a chiwerengero chimenecho.

Akuti ndi zitsamba zokhazokha, mulibe makemikolo. Zitsamba zingavulaze munthu?

Fodya amene timalima kuno ndi chomera. Chinangwa chowawa n'chomera, koma palibe amene amachidya chosaviika.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mumzinda wa Brussels ku Belgium, amayi amene ankapita kukiliniki ina yochepetsa thupi anapatsidwa makapisozi okhala ndi zitsamba zochokera ku China. Chitsamba chimodzi chinasinthanitsidwa ndi china chotchedwa Aristolochia. Amayi oposa 100 anawonongeka impso, ambiri anafika podalira makina osefa magazi kapena kuikidwa impso ya munthu wina, ndipo ena anadzadwala khansa ya njira ya mkodzo. Kumeneko kunali kukiliniki, kwa madokotala. Nanga botolo lochokera m'chikwama cha munthu wa pa Facebook?

Choopsa chachikulu n'chakuti makapisozi ambiri olembedwa kuti ndi zitsamba amakhala ndi mankhwala a m'fakitale amene sanalembedwe pabotolo. Amene amapezeka kwambiri ndi sibutramine. Awa anali mankhwala ololedwa ochepetsa chilakolako cha chakudya, koma anachotsedwa pamsika ku Ulaya ndi ku America mu 2010, kafukufuku wamkulu atasonyeza kuti amachulukitsa matenda a mtima ndi sitiroko kwa anthu amene mtima wawo unali kale pachiopsezo. Kuyambira pamenepo bungwe la FDA, loona za zakudya ndi mankhwala ku America, lawapeza kambirimbiri atabisidwa m'makapisozi, m'matiyi ndi m'khofi wochepetsa thupi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Choncho makapisozi amene "akugwiradi ntchito" ndi amene ayenera kukuopsani kwambiri. Mukamwa limodzi m'mawa, njala n'kutheratu tsiku lomwelo, kukamwa n'kuuma, mtima n'kumagunda mothamanga, usiku tulo osabwera, dziwani kuti si tsamba lachita zimenezo. Ogulitsa amati ndi chizindikiro chakuti mafuta akusungunuka. Chingakhale chizindikiro cha mankhwala obisika amene amakweza BP.

Zitsamba zenizeni zimene zimatchulidwa pamabotolo, zikayesedwa bwino, zambiri sizisonyeza kanthu. Garcinia cambogia anayesedwa mu 1998 pa anthu 135 kwa masabata 12, ena akumwa iyeyo, ena makapisozi opanda kanthu, ndipo panalibe kusiyana kwenikweni. Tiyi wobiriwira womwa m'kapu alibe vuto, koma mphamvu yake ikaunjikidwa m'makapisozi imatha kuwononga chiwindi mwa anthu ena.

Nanga zithunzi zija zosonyeza kale ndi tsopano? Ndi maumboni onse aja?

Zithunzi ziwirizo zingajambulidwe tsiku limodzi. Choyamba munthu wakhuta, watulutsa mimba, wawerama, wavala malaya othina, nkhope yosasangalala. Chachiwiri wakokera mimba m'kati, waima mowongoka, wavala lamba m'kati mwa diresi, wadzola, akumwetulira. Chotsala foni imamaliza, chifukwa mapulogalamu ochepetsa chiuno pachithunzi ndi aulere. Zithunzi zina n'zobedwa pa intaneti: mayi amene anajambulidwa atangobereka kenaka patatha chaka, kapena munthu amene anachitidwa opaleshoni. Zina amangozitembenuza, chakale n'kukhala chatsopano. Masiku ano kuli ngakhale mavidiyo opangidwa ndi kompyuta, oika mawu m'kamwa mwa munthu wotchuka amene sanamvepo za katunduyo.

Otchuka enieni nawonso amalipidwa. Mu 2020 bungwe la FTC, loteteza ogula ku America, linasumira kampani ya tiyi yotchedwa Teami chifukwa cholonjeza zinthu zopanda umboni komanso kulipira anthu otchuka pa Instagram amene sankaulula bwino kuti alipidwa. Kampaniyo inalipira madola 1 miliyoni.

Koma funso limene ine ndimaliona lofunika ndi ili: amene sanathandizidwe ali kuti? Ndemanga zawo zimafufutidwa. Ndipo ambiri salemba n'komwe, chifukwa cha manyazi. Ndani angaime pagulu la amayi n'kunena kuti anataya ndalama za chilimba pa tiyi wotsegula m'mimba? Akabwerera kwa wogulitsa, yankho limakhala lokonzeka kale: simunatsatire malangizo, munadya usiku, thupi lanu n'louma, mufunika botolo lachiwiri. Sikelo ikatsika, ndi tiyi. Ikapanda kutsika, ndinu. Malonda amenewa sagwa chifukwa wogula amadziimba yekha mlandu.

Jasi loyera lisakunyengeni, amagulitsa m'sitolo. Wodzitcha dokotala kapena katswiri wa zakudya m'dziko muno ayenera kukhala m'kaundula wa Health Professions Council of Zambia, ndipo palibe chamwano kumufunsa chiphaso chake.

Ndi malonjezo ati amene ndikawamva ndiyenera kubweza foni m'thumba?

Loyamba ndi lakuti mudye chilichonse, musasinthe kanthu, thupi lichepa lokha. Lina ndi lotchula makilo ambiri pa masiku ochepa. Lina ndi lakuti mankhwalawo amagwira kwa aliyense, kapena kuti mukachepa simudzanenepanso. Chopaka, chomata pakhungu kapena chovala chimene akuti chimasungunula mafuta, chisiyeni. Botolo limodzi lochiza kunenepa, shuga, BP, kusabereka ndi nyamakazi nthawi imodzi silichiza chilichonse mwa zimenezi. Ndipo mukamva zakuti kwatsala mabotolo atatu okha, mtengo ukwera mawa, tumizani ndalama pa Airtel Money kapena pa MoMo tsopano lino, dziwani kuti akufuna mulipire musanafunse munthu wina.

Akuti m'thupi mwanga muli zoipa zofunika kutsuka kaye. Si zoona?

Ntchito yotsuka m'thupi ili ndi eni ake: chiwindi ndi impso, usana ndi usiku. Zikalephera, munthu amagonekedwa m'chipatala, samwa tiyi. Mufunseni wogulitsa kuti zoipazo dzina lake n'chiyani ndipo anaziyeza bwanji. Chimene mumaona kuchimbudzi mukamwa tiyi wake ndi kutsegula m'mimba wamba.

Kumwa senna masabata ambiri kumataya madzi ndi mchere wa m'thupi wotchedwa potassium, umene mtima ndi minofu zimadalira. Munthu amafooka, minofu imakokana, mtima umatha kugunda mosalongosoka. Ena amafika poti popanda tiyi sapita kuchimbudzi, n'kumaganiza kuti zoipa zija zabwerera, n'kukagulanso.

Madzi otentha a mandimu m'mawa, viniga, chammwamba?

Madzi a mandimu sasungunula mafuta, koma ngati akulowa m'malo mwa tiyi wa masupuni anayi a shuga, mwapindula. Viniga womwa wosasungunula amawononga mano ndi kupsereza kummero. Chammwamba ndi ndiwo zabwino ndithu, ndipo mtengo wake umamera pakhomo. Palibe chifukwa chochigula m'makapisozi pamtengo wa thumba la feteleza.

Ndinabereka miyezi ingapo yapitayo koma mimba sikuphwa. Lamba wothina uja angandithandize?

Lamba amakankha mimba m'kati pamene mwamuvala, mukamuvula zonse zibwerera pamalo pake. Wotenthetsa uja amatulutsa thukuta, ndipo thukuta ndi madzi. Thupi silichotsa mafuta pamalo amene mwasankha. Likayamba kuchepa limachepa ponseponse, mwa dongosolo lake. Lamba wothina kwambiri amavutitsa kupuma ndipo amakankhira asidi wa m'mimba kummero, n'kuyambitsa kutentha pamtima.

Kumanga chitenje pamimba pambuyo pobereka, monga amatiphunzitsira anakubala, kumathandiza amayi ena kumva kuti thupi lagwirana, ndipo ngati sichikuthina palibe cholakwa. Koma amene munabereka kudzera opaleshoni funsani kaye kukiliniki. Kwa amayi ambiri, chimene chikuoneka ngati mafuta ndi minofu ya pamimba imene inatalikirana mwana akukula. Imeneyo imafuna nthawi ndi maseŵero ofewa oyenera, amene a fiziyo kuchipatala angakusonyezeni. Ndipo pamene mukuyamwitsa, makapisozi ndi matiyi amenewa atalikireni, popeza simukudziwa chimene chili m'kati ndi chimene chingafike kwa mwana.

Ndimamwa ma ARV ndipo ndanenepa. Mlamu wanga ali pa mapiritsi olera, amayi ali ndi BP. Tingamwe?

Ayi, musanaonane ndi a kuchipatala musamwe.

N'zoona kuti anthu ena amanenepa akayamba ma ARV a masiku ano okhala ndi dolutegravir, makamaka amayi. Mwina ndi thupi likubwerera mwakale, mwina ndi mankhwalawo. Ineneni nkhaniyi kukiliniki kumene mumatengera mankhwala, ndipo musasiye kumwa. Kutsegula m'mimba tsiku ndi tsiku kungachepetse mankhwala amene akulowa m'magazi. Makala amene amaikidwa m'zinthu zina "zotsuka m'thupi" amagwira mankhwala m'matumbo kuti asayamwidwe. Chitsamba chotchedwa St John's wort chimafooketsa ma ARV ndi mapiritsi olera omwe. Ngakhale zowonjezera zokhala ndi calcium, iron kapena magnesium zimasokoneza dolutegravir zikamwedwa nthawi yolakwika.

Alamu anuwo adziwe kuti kutsegula m'mimba kwambiri kapena kusanza kungalepheretse mapiritsi olera kugwira ntchito. Angafune kuphwetsa mimba n'kupezeka ali ndi pakati. Amene ali pa jakisoni wa miyezi itatu ndipo aona kuti akunenepa akambirane ndi anamwino za njira ina yolerera.

Kwa amayi a BP, sibutramine wobisika uja ndiye mdani weniweni, ndipo zokodzetsa zowonjezera pa mankhwala awo zingawagwetse ndi chizungulire ndi kuvutitsa impso. Wa shuga amene akumwa mankhwala n'kusiya kudya mwadzidzidzi, shuga angatsike mpaka kukomoka. Woyembekezera sayenera kuyesa kuchepetsa thupi ndi mankhwala aliwonse. Ana asukulu nawonso, makamaka atsikana amene amakhalira kuona zimenezi pa TikTok, makolo muziwayang'anira.

Ndingadziwe bwanji kuti katunduyu ndi wololedwa ku Zambia?

Bungwe loona za mankhwala ndi Zambia Medicines Regulatory Authority, ZAMRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la Medicines and Allied Substances Act la 2013. Mankhwala asanagulitsidwe m'dziko muno, kuphatikizapo azitsamba opangidwa m'mafakitale, ayenera kulembetsedwa ndi kuloledwa ndi bungweli. Malo ogulitsira mankhwala nawonso, kaya famase kaya health shop, ayenera kukhala ndi laisensi yake. Funsani wogulitsa chilolezo cha ZAMRA cha katundu ameneyo, kenaka mufunse wa famase yovomerezeka kapena a ZAMRA eni ake ngati n'choona.

Apa ogulitsa amachenjera. Amakusonyezani satifiketi ya PACRA, kapena laisensi ya khonsolo, kapena TPIN. Mapepala amenewo amangosonyeza kuti bizinesi inalembetsedwa ndipo ikudziwika kwa a msonkho. Palibe wa ku PACRA amene anatsegula kapisozi kuona zimene zili m'kati. Ena amadinda pabotolo kuti a FDA anavomereza, pamene FDA savomereza zakudya zowonjezera zisanalowe pamsika. Ku America komweko zimagulitsidwa popanda kuyesedwa ndi boma. Ndipo ife a m'malire tikumbukire kuti katundu wodutsa pa Mwami kapena pa Chanida, ngakhale atakhala wololedwa kutsidyako, chilolezo cha kumeneko si cha kuno.

Yang'ananinso botolo lenilenilo. Pakhale dzina la kampani ndi kumene ili, mndandanda wa zonse zimene zili m'kati ndi kuchuluka kwake, nambala ya gulu limene linapangidwira, ndi tsiku lotha mphamvu. Botolo lolembedwa m'chilankhulo chimene inu ndi wogulitsa nonse simutha kuwerenga, kapena makapisozi owerengedwa m'kapulasitiki ngati maswiti, musawalandire ngakhale aulere.

Ndamva za jakisoni wa Ozempic. Ameneyonso ndi bodza?

Ameneyo si bodza, n'chifukwa chake akuba amukonda. Mankhwala ake ndi semaglutide, opangidwa ndi kampani ya Novo Nordisk ya ku Denmark. Ozempic ndi wa matenda a shuga. Wa kunenepa amatchedwa Wegovy. Pa kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2021, anthu anachepa ndi pafupifupi 15 peresenti ya kulemera kwawo pa masabata 68, akusinthanso kadyedwe ndi kuchita maseŵero. Koma amene anasiya anabwezeretsa pafupifupi magawo awiri mwa atatu a zimene anataya chisanathe chaka. Amayambitsa nseru, kusanza ndi kudzimbidwa, ndipo mwa ena amavutitsa ndulu ndi kapamba. Ndi wodula, ndipo amafuna dokotala wolemba ndi kutsatira.

Mu Juni 2024 bungwe la WHO linachenjeza za semaglutide wabodza amene anapezeka ku Brazil, ku United Kingdom ndi ku America. Ku Austria mu 2023 anthu anagonekedwa m'chipatala atadzibaya jakisoni wabodza amene ankaganiziridwa kuti munali insulin, shuga wawo n'kutsika koopsa. Ngati zinachitika kumayiko a malamulo okhwima otero, jakisoni wogulitsidwa pa WhatsApp musamukhulupirire. Ngakhale atakhala weniweni, amafunika kusungidwa m'firiji. Taganizani za kakatoni kali pansi pa basi mwezi wa Okutobala, kakudutsa kutentha kwa pa mlatho wa Luangwa.

Aliponso mapiritsi ololedwa otchedwa orlistat, amene amatsekereza pafupifupi gawo limodzi mwa atatu la mafuta a m'chakudya kuti asayamwidwe. Amathandiza pang'ono chabe, ndipo mukadya zonona mafutawo amatuluka mochititsa manyazi.

Mnzanga wa kumpingo akuti ndilowe gulu lawo, ndizimwa ndi kugulitsanso. Akuti ndidzagula galimoto.

Funsani kuti ndalama zenizeni zimachokera kuti: kwa ogula wamba kapena kwa anthu atsopano amene mwawalowetsa? Ngati muyenera kugula katundu wa ndalama zambiri kuti mulowe, ndi kugulanso mwezi uliwonse kuti musatsike udindo, ndiye kuti wogula wamkulu ndinu. Mu 2016 kampani ya Herbalife inavomera kulipira madola 200 miliyoni ku America ndi kusintha kayendetsedwe ka bizinesi yake kumeneko, a FTC atanena kuti inkanyenga anthu za ndalama zimene angapeze, pamene ambiri mwa ogulitsa ake ankapeza zochepa kapena osapeza kanthu.

Chipata si Lusaka. Anthu amene mungawagulitse ndi omwewo: apongozi, alamu, anzanu a kwaya, a kuntchito. Mukawatha amenewo, makatoni atsala pansi pa bedi. Amene amatenga kaloba kapena ngongole ya village banking kuti ayambe amatha kutaya ndalama ndi chibale pamodzi. Ndipo wina akadwala ndi katundu amene munamugulitsa, adzagogoda pakhomo panu, osati kwa eni kampani.

Kodi ndikufunikadi kuchepetsa thupi?

Funso limeneli likanayenera kukhala loyamba. Kuno kwathu mayi wonenepa tinkati akusungidwa bwino, bambo wa mimba tinkati ndi bwana. M'zaka zimene Edzi inavuta, kuonda kunali kochititsa mantha ndi miseche. Lero zatembenuka, koma osati kotheratu: wogulitsa yemweyo ali ndi tiyi wophwetsa mimba kudzanja lamanja ndi mankhwala okulitsa mahipi kudzanja lamanzere. Mulimonse mmene thupi lanu lilili, ali ndi botolo lake.

Komabe kunenepa kopitirira ndi vuto lenileni. Kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa STEPS wa 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa anayi m'Zambia ndi wolemera mopitirira, ndipo zimenezi zimayendera limodzi ndi BP, shuga ndi kupweteka kwa mawondo. Achipatala amayeza ndi BMI: makilo anu kugawa ndi kutalika kwanu m'mamita kochulukitsidwa ndi kutalika komweko. Munthu wa mamita 1.6 ndi makilo 80 ali ndi BMI ya 31. Kuyambira 18.5 mpaka 24.9 ndi pabwino, 25 kupita m'mwamba ndi kulemera mopitirira, 30 kupita m'mwamba ndi kunenepa kofunika chisamaliro. Njira yosafuna masamu ndi chingwe: yezani kutalika kwanu, pindani chingwecho pakati, chizungulizeni m'chiuno cha pamchombo. Ngati sichikumana, mafuta a pamimba achuluka, ndipo amenewo ndiwo oopsa kwambiri ku mtima.

Amene mukuonda musanachite kanthu, musasangalale. Kuonda kosadziwika chifukwa chake kungakhale TB, shuga, HIV, chithokomiro kapena khansa. Pitani mukayezetse.

Nanga chimene chimathandizadi n'chiyani? Ndisiye nsima?

Musasiye nsima, simungapirire ndipo palibe chifukwa. Chepetsani mitanda. Amene mumadya itatu yesani iwiri, ndipo mbale idzaze ndi ndiwo: chiwawa, kholowa, bonongwe, therere, repu, nyemba, kapenta. Mgaiwa umakhalitsa m'mimba kuposa ufa woyera. Mdani amene sitimuona ndi saladi ndi shuga. Supuni yaikulu imodzi ya saladi ili ndi makalori pafupifupi 120, ndipo ambiri timathira kuchokera m'botolo osayeza. Botolo la 500 ml la chakumwa chotsekemera limakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 50, masupuni aang'ono 12, umene ndi mlingo wonse umene WHO imati munthu wamkulu asapitirire patsiku. Onjezerani maheu, tiyi wa m'mawa, vitumbuwa, tchipisi za pamsewu ndi moŵa wa Loweruka. Nshawa n'zabwino, koma zili ndi mafuta ambiri. Zotendera ndiwo n'zokwanira, osati mbale yonse mukuonera mpira.

WHO imalangiza mphindi 150 kapena kuposerapo pa sabata za kuyenda mwachangu kapena ntchito yotulutsa thukuta. Kuchoka ku Kapata kupita m'tauni wapansi m'malo mokwera njinga kumawerengedwa. Kulima kumawerengedwa. Amene mawondo akulola, phiri la Kanjala lilipo ndipo silifuna ndalama.

Yembekezani theka la kilo mpaka kilo imodzi pa sabata, ndipo masabata ena sikelo idzaima. Simufunika kubwerera pa thupi la pa ukwati wanu. Kuchepa ndi 5 mpaka 10 peresenti, kutanthauza makilo 4 ndi theka mpaka 9 kwa munthu wa makilo 90, kumatsitsa kale BP ndi shuga. Dziyezeni kamodzi pa sabata, m'mawa, pa sikelo yomweyo.

Ndinagula kale ndipo ndamwa. Nditani tsopano? Ndalama zanga zingabwerere?

Siyani kumwa. Ngati mtima ukugunda mothamanga, pachifuwa pakupweteka, mukuchita chizungulire, maso asanduka achikasu, mkodzo wada kapena wachepa, kapena m'mimba simukusiya kutsegula, pitani kuchipatala lero lomwe, kaya kukiliniki yapafupi, ku Chipata Central, ku Mwami kapena ku St Francis ku Katete. Panjira muzimwa ORS ngati mwataya madzi ambiri. Tengani botolo ndi zotsala zake, ndipo nenani zoona. Ambiri amabisa poopa kukalipiridwa, dokotala n'kumafufuza matenda kumene kulibe. Pemphaninso kuti nkhaniyo itumizidwe ku ZAMRA, amene amalandira malipoti a mankhwala amene avulaza anthu. Lipoti lanu lingachititse kuti katunduyo ayesedwe ndi kuchotsedwa pamsika.

Za ndalama, pitani ku Competition and Consumer Protection Commission, CCPC, amene ali ndi ofesi kuno ku Chipata. Lamulo la Competition and Consumer Protection Act la 2010 limaletsa kutsatsa malonda monama kapena mosocheretsa, ndipo limaletsanso zikwangwani zakuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Kudandaula n'kwaulere. Chimene adzafune ndi umboni: lisiti, uthenga wa Airtel Money kapena MoMo, zithunzi za malonjezo amene anaikidwa pa Facebook ndi zimene munalemberana pa WhatsApp. Zijambuleni msanga, chifukwa masamba otere amafufutidwa usiku umodzi n'kutsegulidwanso ndi dzina lina.

Ngati munatumiza ndalama koma katundu sanafike, imbirani kampani ya foni nthawi yomweyo, kanenani kupolisi, ndipo dziwitsani a ZICTA, oyang'anira za mafoni ndi intaneti, za nambalayo. Wogulitsa wokhala ndi sitolo yodziwika n'ngosavuta kumutsata. Wa nambala ya foni yokha nthawi zambiri sapezeka, ndipo wina akakuimbirani kuti mutumize kandalama kena kuti akubwezereni zoyamba zija, ndi yemweyo.